Dzimbiri Lotchinga Mafunde

"Musaidule sitimayo, bambo a mwana. Mchenga wa pakhomo pano ukugwiridwa ndi iyo."

Mkazi wa wowotcherera zitsulo ananena mawuwa akusisita khanda lake kumsana, koma mwamuna wake anangoseka. Ndani akanamumvera? Mayiyu ankadziwika ndi mantha. Mwana akangoyetsemula, iye wayamba kale kufunsa za galimoto yopita kuchipatala, mpaka anthu a mumsewu wawo anam'tcha Mayi Samalani.

Sitimayo inagona chammbali m'mphepete mwa nyanja yamchere, moyang'anizana ndi nyumba zawo, ngati ng'ombe yotopa ndi goli. Kale inkanyamula simenti kupita kumadoko akutali, kufikira tsiku lomwe chimphepo chinaiponya pamchenga, eni ake n'kuiiwala. Apongozi aamuna a mayiyu ndiwo ankaphika m'sitimamo. Anatsika ndi kachikwama kamodzi, sanakwerenso. Anakwatira, n'kumanga kuseri kwa sitimayo komwe madzi anali ofatsa, ena n'kumatsatira. Tsopano anali atakalamba, maso ali mbuu, ndipo ankangokhala pampando wawo pakhonde, mdzukulu ali pamiyendo.

Nkhani inayambira kutchalitchi, komwe denga linkadontha. Lamlungu lina mkulu wa mpingo analoza pawindo n'kunena kuti munthu wopanda Mulungu ali ngati chisitima icho, chachikulu thupi koma chadzimbiri, chosapita kulikonse. Wowotcherera anadzambatuka pabenchi. Bwanji osachidula, zitsulo zake zikhale mitanda ya denga la nyumba ya Mulungu? Tchalitchi chonse chinaomba m'manja, mwana wa Mayi Samalani mpaka anadzidzimuka n'kulira.

Koma ntchito yake kukoma! Moto wa gasi unkalira, mbaliwali zili thethethe ngati nyenyezi zamasana. Amayi ankaimba akukoka zingwe, ana akuthamangitsa nkhanu zotuluka m'mimba mwa sitima. Wometa tsitsi anapempha windo lozungulira kuti aikemo kalilole, ati makasitomala azidziona ngati ali paulendo. Wowotcherera ankayenda chifuwa patsogolo, anthu akumutchula Kaputeni. Ngakhale mkazi wake, ataona mtanda woyamba ukukwera pakhoma la tchalitchi, mtima unamudumpha ndi chimwemwe. Komabe pobwerera kunyumba maso ake anali pamchenga.

Tsiku lina akudya, Kaputeni anadzitama kuti chinthu chikasiya kuyenda ndiye kuti chatha ntchito. Atate ake anasiya kaye kutafuna.

"Ndiye nanenso undidule, mwana wanga. Mulungu sayeza munthu pa sikelo ya ogula zitsulo. Sitimayi inasiya kuyenda, koma ntchito sinasiye."

"Inu atate, mwa inu simungatuluke ndi mtanda umodzi womwe," anayankha motero, akuseka yekha.

Denga linatha, likunyezimira. Pamchenga panatsala nthiti zochepa chabe. Kenako inafika nyengo ya mphepo, ndipo mafunde anapeza khomo lili pululu. Anayamba ndi mtengo womangapo chingwe choyanikira zovala. Anatsatiza bafa la wometa tsitsi, mwini wake n'kuthawa ndi sopo kumutu, anthu n'kuseka ndithu. Koma atagwetsa khitchini ya telala, kuseka kunatha. M'mawa uliwonse Mayi Samalani ankapeza nyanja itasendera, ngati mlendo wopanda manyazi amene akuyandikira mbale.

Masana ena anakagoneka mwana, n'kuona mng'alu pakhoma la kuchipinda, woloweka dzanja. Atatuluka, thovu linali likunyambita sitepe ya pakhonde, ndipo kansapato ka mwana kankayandama pafupi ndi mapazi a apongozi.

Posakhalitsa mkulu wa mpingo anatulukira, chipewa chili m'manja. Anayang'ana pomwe panali sitima, n'kunena motsitsa mawu kuti ulaliki uja anauphonya. Chinthu chimene chinagona chete zaka zonsezo, chikulandira mikwingwirima ya mafunde kuti ena agone tulo, chinkafanana kwambiri ndi Ambuye kuposa ndi wochimwa. Apongozi anangopempha kuti awapatsire mdzukulu wawo.

Kaputeni anali asanagonje. Ankakoka zotsala za zitsulo, akulumbira kuti amanga tchinga, nyumbayi sigwa, anthu angopirira sabata imodzi. Mkazi wake, yemwe sankakonda kutsutsa kawiri, anaima patsogolo pake.

"Madzi akwereranso mbandakucha, ndipo satipeza muno. Ndalankhula kale ndi wangolo, tikupita kumtunda kwa achemwali. Mwana ndibereka ine. Inu mutenge bambo, chifukwa popanda miyendo yawo yokhalapo mwanayu, ine sindikanachapa kapena kuphika ndi tsiku limodzi lomwe."

Mwamunayo anayang'ana chitsulo chimene chinali m'manja mwake, anayang'ana mng'alu, kenako atate ake. Anachiponya pansi. Katundu woyamba amene anakamuika pakhomo kudikira ngolo sanali botolo la gasi ayi, unali mpando wa nkhalambayo.

Denga la tchalitchi likunyezimirabe mpaka lero, koma msewu uja nsomba zikusambiramo. Ndi zoona, chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.