Chinangwa cha Pamalire

Panali mlimi wina amene munda wake unagundana ndi wa mayi wamasiye. Malire awo anali mzere wa chinangwa, chimene ankazula ndi kubzalanso chaka ndi chaka. Mwamuna wa mayiyo atamwalira, mlimi uja anayamba kabzalidwe katsopano. Nthawi yogalauza ikakwana, ankabzala chinangwacho patsogolo pang'ono, mzere umodzi wa mayiyo n'kulowa m'munda mwake. Mayiyo, maso ali pa ana ndi matenda, sanazindikire.

Munthuyu sanali wouma mtima. Ankadziwa kuti walakwa, ndipo ankadikira chikwapu cha Mulungu. Mvula ikadula, ankathamangira kutchalitchi n'kulira kuti, "Ambuye, ndamva, ndibweza." Mvula n'kugwa. Chimanga n'kubereka mochititsa kaso. Nkhokwe inadzaza, anamanga ina. Mbuzi zinaswa mapasa, nyumba anafolera malata.

Apa ndiye mutu unamuzungulira. Kodi Mulungu wakhululuka, kapena sanaone? Kapena akungomunenepetsa ngati nkhumba yodikira Khirisimasi? Akagwada, sankadziwa choyambira, zikomo kapena pepani. Ankangoti kukamwa yasa, n'kudzuka mawondo akuwawa.

Pa tsiku la masika, pamene akhristu amapereka zokolola zawo kutchalitchi, iye anabwera ndi ngolo yodzaza chimanga. Mumtima ankati mwina Mulungu akalandira gawo lake, nkhani itha. Akuluampingo anagawira chimangacho anthu osowa, ndipo wamasiye uja analandira nawo, poti kwake nkhokwe inali itatha kale.

Mayiyo anabwera kudzathokoza. Anagwada pabwalo, anthu akuona.

"Bambo, ana anga adya chifukwa cha inu. Mulungu akukuzireni munda."

Mlimi uja anachita manyazi oopsa. Kutacha anatenga khasu, napita kumalire, nayamba kuzula chinangwa kuti achibwezere pamene chinali kale. Ankafuna kuchita mwakachetechete, kuti ikhale nkhani ya iye ndi Mulungu basi. Koma mayiyo anamupeza, mitengo ya chinangwa ili m'manja.

"Bambo, mukutani pamalire? Dzulo lomweli mwandithandiza, lero mufuna kundilanda?"

Panalibe pothawira. Mlimiyo anaulula zonse, n'kulozera mayiyo mizere imene anamubera. Mayiyo anayang'ana mizereyo nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Ndiye chimanga ndinagwadira chija chinali changa?"

Mayiyo anatenga munda wake, koma moni wa mlimiyo anatenga nthawi kuti auyankhenso.

Mwina mukufuna kudziwa ngati zokolola za mlimiyo zinachepa kapena zinachuluka pambuyo pake. Ine sindikudziwa, ndipo n'chifukwa chiyani Mulungu amagwetsa mvula yabwino pa mzere wakuba, inenso zimandizunguza. Chimene ndikudziwa n'chakuti nkhokwe yanu singakuuzeni ngati Mulungu wakondwa nanu. Inu amene zinthu zikukuyenderani koma mtima ukukutsutsani, musadikire chilango kuti mutembenuke, chifukwa mwina sichibwera. Musatumenso chopereka kuti chikakupepesereni. Musanapite kuguwa, pitani kaye kumalire, ndipo mukapezako munthu amene muyenera kumuyang'ana m'maso.