Phazi Limene Tepi Sinalipeze

Panali munthu wina, kalipentala, amene ankakhulupirira tepi yake yoyezera kuposa mawu a munthu aliyense. Ukamuuza kuti chitseko chapendekeka, sankakuyankha. Ankangotulutsa tepi. Mawu ake anali amodzi: chimene sichiyezeka, kulibe.

Mng'ono wake anagundidwa ndi lole, ndipo madokotala anamudula mwendo m'munsi mwa bondo. Bala litapola, kalipentala anamusemera mwendo wamtengo. Unamukwana bwino.

Koma mng'onoyo anayamba kudandaula. "Achimwene, phazi likundiyabwa, pakati pa chala chachikulu ndi chinzake."

"Phazi liti?"

"Lomwe anadula lija."

Kalipentala anatulutsa tepi. Nyama inathera mainchesi asanu kuchokera pabondo. Kupitirira apo kunali mphepo yokhayokha.

"Palibe phazi apa, mphwanga. Popanda phazi, chingayabwe n'chiyani?"

Mng'onoyo ankangokanda m'malere, misozi ili chuchuchu. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mutu wasokonekera. Abale anagwirizana zoti Lachisanu akamusiye kuchipatala cha amisala. Kalipentala zinamuwawa kwambiri, koma anavomera, poti tepi sinama.

Lachinayi anapita kwa dokotala amene anadula mwendowo kuti akatenge kalata yopitira kuchipatala cha amisalacho. Dokotalayo anakana.

"Si misala imeneyo, bambo," anatero. "Mitsempha imene inkapita kuphazi ikadali moyo, ndipo ikutumizabe uthenga ku ubongo."

Anamuonetsa chithunzi cha mitsempha ndi ubongo. Kalipentala anasangalala kuti wapeza choyeza. "Ndilozereni kuyabwako pamenepa."

"Mtsempha ndikulozerani. Malo ake mu ubongo ndikulozerani. Koma mmene kuyabwako kumamvekera, ngakhale nditatsegula mutu wonse, sindingathe kukuonetsani. Anthu ophunzira amakangana mpaka lero. Ena amati tsiku lina tidzakuyeza, ena amati sizidzatheka. Pakali pano akukumva ndi mwini wake yekha."

Kalipentala anabwerera kunyumba. Anatenga mwendo wamtengo uja ndi tchizulo, nasema zala zisanu, chifukwa poyamba anausiya wopanda zala. Anamuveka mng'ono wakeyo, namuuza kuti ayang'anitsitse. Kenako, munthu wamkulu ndi ndevu zake, anagwada pautuchi n'kuyamba kukanda phazi lamtengolo ndi msomali.

"M'munsi pang'ono," anatero mng'onoyo. "Chakumanzere. Pomwepo! Pomwepo, achimwene!"

Anapuma mpweya wautali, nkhope yake n'kumasuka. Posakhalitsa anagona tulo pampando pomwepo, dzuwa lili paliwombo. Mtima wa kalipentala unakhala pansi, moti analira osachita manyazi. Lachisanu linafika n'kudutsa, ndipo palibe amene anapita kulikonse.

Inu amene mukundimvera, tepi musaitaye. Dokotala uja sanalakwe kutsata mitsempha, ndipo kudziwa kwake n'kumene kunaletsa ulendo wa Lachisanu. Koma mitsempha yonse itawerengedwa, kunatsalabe kanthu kamodzi: munthu amene zikumuyabwa. Kaya kanthuko kadzayezeka, kaya ayi, asiyireni ophunzira. Akulu anati mtima wa mnzako n'tsidya lina. Mnzanu akati pakumuwawa, inu osaona bala, musathamangire kumutcha wamisala. Gwadani, mumufunse kuti, "Pati?"