Chaka Chowonjezera cha a Inki

Pafakitale ina yosindikiza makalendala, malisiti ndi makadi a ukwati, tsiku lamalipiro silinkasuntha. Kaya ligwe Loweruka, kaya magetsi azime, kaya mwini wake agonekedwe m'chipatala, maenvulopu ankatuluka basi. N'chifukwa chake antchito adamupatsa mayi mwini fakitaleyo dzina loti Saphonya, ndipo iye adalikonda dzinalo kuposa lake lobadwa nalo. Akalimva likutchulidwa kuseri kwa makina ankachita ngati sadamve, koma mapewa ankakwera okha.

Fakitaleyo adamusiyira ndi malemu mwamuna wake, pamodzi ndi makina aakulu omwe ankanjenjemeretsa pansi akayamba kulira, ndiponso mkulu woyendetsa makinawo. Mkuluyu aliyense ankangowatchula kuti a Inki, poti manja awo sopo adawalephera kalekale. Adayamba ntchito Saphonya asadakwatiwe n'komwe. Tsopano tsitsi linali litayera, chifuwa chikulira chifukwa cha fumbi la mapepala ndi mankhwala otsukira makina, ndipo zaka zopumira zinali pafupi. Sankada nkhawa. Mwezi uliwonse pamalipiro awo pankadulidwa kangachepe, bwana n'kuwonjezerapo gawo lake monga mwa lamulo, zonse n'kupita ku kampani yosunga penshoni. Pomwepo pankalipiridwanso inshuwalansi, yoti munthu akamwalira akadali pantchito, banja lake lilandire chipukutamisozi.

Kenaka chuma chidasokonekera, zinthu zidathina paliponse. Mtengo wa mapepala unkasintha munthu uli pamzere wogula. Makampani adaleka kusindikiza makalendala, a ukwati adayamba kuitanirana pafoni, ndipo masiku ambiri a Inki ankangozungulira makina ali zii, kansanza kali m'manja, kupukuta popukutapukuta kale.

Wowerengera ndalama pafakitalepo anali mlamu wake wa Saphonya, mng'ono wa malemu mwamuna wake, munthu wanthabwala koma wosabisa mawu. Kumapeto kwa mwezi wina adalowa mu ofesi n'kutseka chitseko ndi chidendene.

"Alamu, madzi afika m'khosi. Zilipozi zikwanira mbali imodzi. Tikalipira anthu, ku penshoni sititumiza. Tikatumiza ku penshoni, anthu alandira mochedwa."

"Mochedwa? Pano?" adatero Saphonya. "Lipirani anthu. Za penshoni titumiza mwezi wamawa."

"Nanga zodula pamalipiro awo?"

"Dulani monga mwa masiku onse. Tigulire mapepala, oda ikabwera tibweza. Tikubwereka, alamu, sitikuba."

"Wobwereka amagogoda pakhomo, alamu," adatero mlamuyo. Adaseka pang'ono kuti mawuwo asabaye kwambiri, koma Saphonya sadaseke nawo.

Mwezi wamawa udafika, n'kubereka mwezi wamawa wina. Inu, bodza loyamba ndi lomwe limavuta, enawo amangodziyendera. Maenvulopu ankatulukabe pa tsiku lake, antchito ankaombera m'manja, ndipo ku penshoni sikunkapita kalikonse.

Tsiku lina kudabwera bambo wa ku kampani ya penshoni, munthu wofatsa wa chikwama chothetheka m'makona. Adakana tiyi, n'kukhala pampando chakutsogolo.

"Mayi, sindidabwere kudzakumangitsani. Mabwana ambiri agwa m'vuto lomweli chaka chino, si inu nokha. Njira ilipo. Tigwirizane kuti muzibweza pang'onopang'ono, ndipo tiyambe ndi inshuwalansi, chifukwa iyo ikapanda kulipiridwa imaima. Chofunika n'chimodzi: antchito adziwe. Muwasonkhanitse, muwauze nokha, kenaka tisainirane."

Saphonya adasuzumira pagalasi la ofesi. Adaona amayi opinda mapepala akusekerana, wodula mapepala akunola mpeni wake, a Inki akutsokomola pafupi ndi makina. Kubweza sikudamuwopse. Chidamuwopsa ndi kuima pamaso pa anthu amenewa n'kunena kuti ndalephera, ndiponso ndakhala ndikukubisirani.

"Ndipatseni nthawi, bambo," adatero. "Pali oda yaikulu ikubwera."

"Nthawi ndikupatsani, koma khomoli silikhala chitsegulire," adayankha bamboyo, n'kunyamula chikwama chake.

Tisamunamizire, mayiyu adayesako. Lolemba lina adaitanitsa msonkhano, adakwera pa thabwa loikapo mapepala, mawu atawakonza bwinobwino kunyumba. Asadatsegule pakamwa, mmodzi wa amayi opinda mapepala adafuula kuti, "Kwina anzathu akuchotsedwa ntchito, ife tili ndi mayi wathu!" Onse adaomba m'manja, wina mpaka likhweru. Saphonya adawasiya mawu adakonza aja, n'kuyamba kulankhula za kuzimitsa magetsi potuluka m'chimbudzi. Mlamu wake, ataima kumbuyo, adangogwira kukamwa.

Sipadapite nthawi, a Inki adagogoda pa ofesi, chipewa chili m'manja.

"Mayi, zaka zija zakwana. Ndati ndidzatsanzike bwino, mundithandize za penshoni ndikapume. Chifuwachi chikundiuza kuti basi."

Saphonya adaiona ngozi pomwepo. A Inki akangopuma, mawa lake ali ku ofesi ya penshoni, ndipo kumeneko akauzidwa zonse. Nkhani ikatuluka, ituluka ndi munthu amene adamuona akulowa m'banjali ali mtsikana. Adadzuka, adawakokera mpando ndi manja ake, chinthu chomwe sadachitepo.

"Bambo, mundisiya ndi yani nthawi yovuta ngati ino? Makinawa samvera munthu wina. Ndikupempheni, wonjezerani chaka chimodzi chokha, zinthu zikhaleko bwino."

Nkhope ya mkuluyo idawala. Munthu wokalamba ukamuuza kuti akufunikabe, wamugwira pofewa.

"Kunyumba akandikalipira," adatero akumwetulira. "Adawerengera kale kuti tikonza denga, ine ndizikhala pakhonde kuwasowetsa mtendere. Koma malemu bwana adandisunga, inunso mwandisunga. Chaka n'chiyani? Ndikhala, mayi."

Adatuluka akuyenda ngati mnyamata. Mlamu uja, yemwe adamva zonse ali pa tebulo lake, adadikira chitseko chitsekeke. Ulendo uno nthabwala panalibe.

"Alamu, zonse zija ndidapirira, koma ichi ayi. Ndalama zimabwezedwa. Chaka cha munthu wokalamba mudzachibweza bwanji? Kawaitaneni, muwauze zoona, asankhe okha."

"Ndiwauza zinthu zikakhala bwino."

"Ndiye muwauza ine kulibe," adatero. Adaika makiyi a kabati patebulo, adatenga jekete lake, ndipo sadabwerenso.

Chakacho sichidathe. M'mawa wina wozizira, a Inki adazimitsa makina pakati pa ntchito, zomwe sankachita, n'kukhala pansi pa mulu wa mapepala akuti akumva chizungulire. Adawathamangitsira kuchipatala pa galimoto ya Saphonya yomwe. Sabata isadathe, adatisiya.

Pamaliro Saphonya adagula bokosi labwino, adapereka galimoto, adasindikiza chithunzi cha malemuyo pa pepala lokwera mtengo kuposa onse m'sitolo. Anthu ankanong'onezana kuti mabwana otere adatha. Mawu aliwonse oyamikira ankamutsutsa, chifukwa yekha ndiye ankadziwa kuti inshuwalansi idaima kalekale.

Maliro atatha, mkazi wa a Inki adafika kufakitale, mayi wochepa thupi, atavala zakuda, mapepala a malemu ali m'jumbo.

"Mayi, ine za maofesi sindizidziwa. Bambo ankati chilichonse chikadzachitika ndidzabwere kwa inu. Mundiperekeze ku penshoniko, mwina akandiona ndili ndi inu sakandizunguza."

Saphonya akadatha kunena zoona pomwepo. Akadatha kunena m'galimoto, poti msewu unali wodzaza ndipo ankangoyenda pang'onopang'ono. Mayi wamasiyeyo ankalankhula za denga lodontha, za mdzukulu yemwe ankamulipirira sukulu, za momwe malemu ankabwerera kunyumba akudzitama kuti bwana wawagwira mwendo kuti asapume.

"Mayi," adayamba Saphonya.

"Ee?"

"Mwamanga lamba?"

"Ndamanga, mwana wanga."

Ku ofesi adapeza bambo yemwe uja wa chikwama chothetheka. Atawapatsa mipando ndi kupepesa za maliro, adamuyang'ana Saphonya, kumupatsa mpata woti alankhule yekha. Saphonya adangoyang'ana nsapato zake. Bamboyo adapumira m'mwamba, n'kufotokoza mofatsa. Zomwe malemu adasunga zaka zakumbuyo zilipo, alandira. Koma kwa nthawi yaitali kuchokera kufakitale sikudabwere kanthu, ndipo inshuwalansi idaima malemu akadali moyo. Chipukutamisozi palibe.

"Ayi, bambo, mwalakwitsa," adatero mayi wamasiye, mpaka kuseka pang'ono. "Yang'ananinso. Awa mukuwaonawa ndi mayi Saphonya."

Mayiyo adatembenuka kuyang'ana amene adabwera naye, ndipo adapeza misozi ikutsika. Adamuyang'ana nthawi yaitali, kusekako kukuzilala pang'onopang'ono.

"Ndiye n'chifukwa chake mudawapempha kuti asapume?"

"Mayi, ndinkachita manyazi. Ndinkati ndibweza asadadziwe."

"Manyazi," adatero mayiyo, ngati akulawa mawuwo. Sadakweze mawu, ndipo zikadakhala bwino akadakweza. "Mukadawauza kuti zinthu zavuta, munthu uja akadakugwirirani ntchito ngakhale yaulere. Ankakuonani ngati mwana wawo. Koma akadasankha okha. M'mawa uliwonse ankatuluka akutsokomola, ine ndikuti khalani, iwo akuti mayi akundidalira. Adapita akukhulupirira kuti mumawafuna."

Adanyamula jumbo lake. Saphonya adamutsatira mpaka panja, akupempha kuti akamutule kunyumba.

"Zikomo, ndikwera minibasi," adatero, n'kuwoloka msewu osacheuka.

Zotsalazo zidayenda mwachangu. Nthawi yogwirizana ija inali itadutsa, ndipo nkhani idafika kwa oyang'anira malamulo a penshoni. Adabwera kufakitale, adasonkhanitsa antchito, n'kuwauza okha zomwe bwana wawo adalephera kunena. Saphonya adaima pambali, akudikira kutukwanidwa. Sadamutukwane. Wodula mapepala uja adangoti, "Mayi, mukadatiuza, bwenzi titagwirizana zolandira mochedwa. Ifenso misika timaiona." Mawu amenewo adamupweteka kuposa chindapusa chomwe adamulamula.

Kuti abweze za antchito ndi kulipira chindapusacho, adagulitsa makina, galimoto, ndi nyumba yomwe. Antchito adabalalika, ena adapeza kwina, ena ayi. Zomwe zidatsala adapita nazo yekha kwa mkazi wa a Inki, ngakhale sizidafike pa zomwe inshuwalansi ikadapereka. Mayiyo adalandira, adamupatsa madzi akumwa monga mlendo aliyense, ndipo sadamutchenso mwana wake.

Masiku ano Saphonya amakhala kwa mchemwali wake, m'kachipinda ka kuseri, ndipo salankhula zambiri. Mlamu wake akabwera kudzamuona amakamba za ana, za mitengo ya zinthu, koma za fakitale sazikhudza. Tsiku lina Saphonya yekha ndiye adayambitsa.

"Alamu, mudandiuza."

"Ndidakuuzani, koma sizikundisangalatsa."

"Chimandipweteka n'chakuti palibe adandithamangitsa. Bambo uja adabwera yekha kudzanditsegulira njira. Antchito akadandimvera. Ndinkangofunika kutsegula pakamwa."

Fakitale zambiri zidadutsa m'mavuto a chaka chimenecho n'kupulumuka, eni ake atawerama pamaso pa antchito awo n'kunena kuti zavuta. Ya Saphonya sidagwe ndi mtengo wa mapepala. Adaopa kutsika pamaso pa anthu kwa ola limodzi, nataya fakitale, dzina, ndi chaka chomaliza cha munthu yemwe ankamukonda. Akuluakulu sadaname: mbewa yamanyazi idafera kuuna.