Njerwa za chiliza cha Nagama

Nagama, mayi ake a Labisoni, atamwalira ku Mbayani, komiti ya chitukuko sinabwere pamaliro. Akuti tsikulo inali pamsonkhano wokambirana za chikondi pakati pa anansi.

Patatha mwezi, wapampando wake, a Chimtengo, anafika n'kuloza njerwa zimene Labisoni anawotcha kuti amangire chiliza cha mayi akewo.

"Mwanawe, womwalira sathawa. Njerwazi zikamange kamlatho pangalande paja. Ukakana, tsiku lako udzadzikumbira wekha."

Ngalandeyo inali pakhomo pa golosale ya a Chimtengowo.

"Chitukuko sakana, bambo," anatero Labisoni. "Ndikamanga ndekha."

Anamangadi, n'kupaka simenti mosalala. Isanaume, anatenga msomali n'kujambula mtanda, m'munsi mwake n'kulemba kuti: NAGAMA, MZIMU WANU UUSE MUMTENDERE.

Kutacha, wofuna sopo ankafika pamlathopo, kuwerenga, n'kubwerera. Ndani angaponde dzina la malemu? Amayi a kutchalitchi anasiyapo nkhata ya maluwa, n'kuyimbapo nyimbo ziwiri. Buledi anachita nkhungu m'golosale.

Tsiku lachinayi a Chimtengo anatulukira thukuta lili kamukamu.

"Iwe, kagumule manda ako aja!"

"Manda ati, bambo? Si chitukuko chija? Dzanja langali silingagumule dzina la mayi anga. Gumulani inuyo. Koma mwambo mukuudziwa, za kumanda sizigona pakhomo."

Masana omwewo Mbayani yonse inaona wapampando akukankha wilibala ya njerwa za kamlatho kaja kulowera kumanda, akufunsa aliyense m'njira kuti kodi Nagama anagona pati.