Pikapu Yokatengera Katundu wa Nangondo

Panali munthu wina, makaniko wa mabasi, amene anagwira ntchito ku Joni zaka makumi atatu. Dzina lake anali Tambulasi. Kwawo ankabwera kamodzi pachaka, pa Khirisimasi, n'kukhala masabata awiri, n'kubwerera. Mkazi wake, Nangondo, anatsala kuno. Anali mzamba, ndipo ntchito inkamusamutsasamutsa: zaka zitatu pachipatala ichi, zaka zinayi pa chinacho, kuyambira kumapiri ozizira mpaka kuchigwa kotentha.

Onse awiri atapuma pa ntchito, Nangondo ananena chimene mtima wake unkafuna. Ankafuna kukaonanso midzi imene anagwirako ntchito, maso akadali kuona. Koma mawondo ake anali atatha. Minibasi inkamupweteka, ndipo akagona pamphasa, m'mawa pankafunika anthu awiri omudzutsa. Tambulasi ankadziwa mumtima kuti mkaziyu anamusiya yekha nthawi yaitali, choncho analonjeza.

"Mudzapita, mayi," anatero. "Ndipo kulikonse kumene tikafike, mudzagona pabedi panu."

Sankanama ayi. Pochoka ku Joni anali atabwera ndi chinthu chimene anthu a m'dera lawo anali asanachionepo: kalavani, nyumba ya matayala, yokhala ndi bedi, pophikira ndi thanki ya madzi. Anaigula yakale kwa bwana wake n'kuikweza pa lole. Nyumbayi sinali yongokoleka kumchira kwa galimoto ngati ngolo. Inali ndi khosi lalitali kutsogolo, ndipo khosilo linkayenera kukwera kumbuyo kwa pikapu n'kukhazikika pachitsulo, pamwamba penipeni pa matayala akumbuyo. Pikapu ya nyumba yotere siingokoka. Imasenzanso. Ndipo chipinda chosungira katundu chinali pakhosi pomwepo, moti chilichonse choikidwa m'menemo chinkagwera pamsana pa pikapu.

Nyumba inalipo, koma yokokera panalibe. Inakhala pabwalo miyezi isanu, itaima pa miyendo yake yachitsulo, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Anthu odutsa sankalephera kufunsa, "Ulendo uja mwafika pati, a Tambulasi?" Iye ankangoseka, koma zinkamuwawa, chifukwa mawondo a Nangondo sankadikira munthu.

Mvula itatha, Tambulasi anapita m'tauni kukasankha pikapu. Pamalo ogulitsirapo panali ziwiri zimene thumba lake likanakwanitsa. Yoyamba inali yofiira, ya zitseko zinayi, mipando yachikopa, yonyezimira moti munthu ukadziyang'ana pachitseko umaona ndi imvi zomwe. Yachiwiri inali yoyera kalekale, koma tsopano inali ya mtundu wa fumbi. Inali ya zitseko ziwiri, kumbuyo kwake kwakutali, matayala akumbuyo anayi, masipuling'i ake okhuthala ngati mitanda ya denga. Inakulira pa esiteti, ikunyamula feteleza. Chitseko chake chimodzi chinkatseka ukachimenyetsa kachiwiri.

Tisamunamizire munthu: Tambulasi anaikonda yofiira. Zaka makumi atatu anali atagona pansi pa magalimoto a eni, oyilo akumudonthera kumaso. Kodi n'kulakwa kufuna kuti tsiku lina anthu akuone uli pamwamba? Wogulitsa naye anauona mtima wake, ndipo anausisita bwinobwino.

"Bwana, iyi ndiye yanu. Injini yake ikhoza kukoka ndi sitima yomwe."

Koma Tambulasi anali makaniko, ndipo ankadziwa kuti kukoka ndi kwina, kusenza ndi kwina. Anatsegula chitseko n'kuwerenga kapepala konena makilo amene pikapuyo ingasenze. Anaphatikiza khosi la nyumba, chitsulo chokhazikapo, madzi, masutikesi awiri, iye mwini ndi mkazi wake. Zinakwana. Panatsalanso malo a thumba limodzi la chimanga. Anadzitama mumtima kuti wayeza ngati munthu wodziwa ntchito yake, ndipo anauza wogulitsa kuti abwera Lolemba.

Loweruka, Nangondo anamupempha kuti amuperekeze kumudzi wina wapafupi, kwa mayi amene anamubereketsa mapasa kalekale. Nangondo anakwera kabaza, Tambulasi anakwera njinga yake. Ananyamula paketi imodzi ya shuga.

Asanatsike n'komwe, nthungululu inamveka. Mayi wa mapasa uja anatuluka akuthamanga, nsalu ikugwa. Kenako m'nyumba zina munayamba kutuluka amayi ena, aliyense akukoka mwana wake, ena a ndevu kale. "Uyu ndi wanu uyu, amayi! Mwamuiwala? Uja anabwera ndi miyendo uja!" Nangondo ankawakumbukira onse, ndi mwezi umene anabadwa. Tambulasi anapatsidwa mpando pamthunzi. Palibe amene anamufunsa za ku Joni. Ankangomutchula kuti amuna awo a azamba.

Potsanzika, zinthu zinayamba kubwera. Nkhuku yomanga miyendo. Maungu atatu. Mkoko wa nthochi. Beseni la mtedza. Mizimbe. Tambulasi ataona mulu uja, anakweza dzanja mwaulemu.

"Zakwana, amayi, zikomo. Dzungu ili lokha litsale."

Nangondo anamutsina pachigongono. "Musatero, bambo," ananong'ona. "Mayiyu wadikira zaka makumi awiri kuti andipatse dzungu limeneli."

Dzungu linakwera. Nangondo anatsogola pa kabaza, nkhuku ili pamiyendo. Tambulasi anabwerera wapansi, akukankha njinga imene sinkaonekanso kuti ndi njinga, nthochi zili pamutu. Pofika pamlatho khosi linali litauma. Anapeza mkazi wake akumudikira pamthunzi, ndipo anatula nthochi zija n'kufunsa ali wefuwefu.

"Kodi mayi, midzi imene tikupitayi ndi ingati?"

"Makumi anayi," anayankha Nangondo. "Uwu sindinauwerengere, ndi wapafupi."

Tambulasi anakhala pansi m'mphepete mwa msewu n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi. Koma misoziyo sinali ya chiseko chokha, munalinso manyazi. Anali atayeza chitsulo, madzi ndi masutikesi. Mkazi wake anamuyeza makilo makumi asanu ndi awiri, ngati mmene sikelo inkanenera. Sankadziwa kuti pa zaka zimene iye anali kutali, mkaziyu anali atalemera chonchi pakati pa anthu. Anayeza ulendo wopita. Wobwerera sanauganizire n'komwe. Ndipo anaona bwinobwino chimene chikanachitika ndi pikapu yofiira: pofika mudzi wachiwiri, iye akanakhala munthu woima pachitseko, wokaniza mphatso za mkazi wake, mudzi ndi mudzi, mpaka makumi anayi.

Lolemba anafika m'tauni m'mamawa. Wogulitsa anali atatsuka kale yofiira, makiyi ali m'manja. Tambulasi anaidutsa, mtima ukumukoka malaya, n'kukaika dzanja pa ya mtundu wa fumbi ija.

"Ndipatseni iyi."

"Iyi, bwana? Anthu akakusekani."

"Asiyeni aseke," anatero Tambulasi. "Ine ndikukatenga katundu wa mkazi wanga."

Anasekadi. Pikapu yolimba msana ikakhala yopanda katundu imadumphadumpha, ndipo tsiku loyamba limene Nangondo anakwera, mpango unachoka kumutu asanafike pamsika. "Bambo, mwagula galimoto kapena bulu?" anafunsa atagwira chitseko ndi manja onse. Tambulasi anangoti adikire. Atamanga chitsulo kumbuyo n'kukhazikapo khosi la nyumba, pikapu inatsika pang'ono n'kudekha, ngati mayi amene wapeza nkhata yabwino. Nkhuku zinasamutsidwa, miyendo yachitsulo inapindidwa, ndipo nyumba imene inaima miyezi isanu inatuluka pachipata anthu akuwomba m'manja.

Ulendowo unali wokoma, abale anga. Ankayenda pang'onopang'ono. Ankaima pansi pa mtengo pafupi ndi chipatala, kapena pabwalo la sukulu, ndipo uthenga unkathamanga kuti azamba abwera ndi nyumba yawo. Nangondo ankagona pabedi pake n'kudzuka yekha, popanda womugwira. Masana ankakhala pakhomo la kalavani, anthu akubwera ndi ana, ndi ana a anawo.

Ndipo katundu ankabwera. Kumapiri kunabwera mbatatesi ndi nyemba. Kuchigwa kunabwera mpunga, mapira ndi mphasa. Kwina kunabwera miphika yadothi, kwina mbuzi, imene anaimangira kumbuyo pafupi ndi chitsulo ndipo inadya chingwe cha tenti yofunditsira katundu. Anayesa kupungula pogawira midzi yakutsogolo zimene analandira kumbuyo. Sizinathandize. Munthu amene mwamupatsa mpunga sakusiyani mupite chimanjamanja, ndipo mulu unkangokula. Chodabwitsa n'chakuti pikapu ija ikamalemera m'pamene inkayenda mofewa. Pofika mwezi wachiwiri, Nangondo ankawodzera pampando, mpango uli pamalo pake. Za bulu sanazitchulenso.

Mudzi womaliza unali pamwamba pa phiri. Kumeneko kunali munthu wina dzina lake Dzukani, wosema mitondo. Tsiku limene anabadwa sanalire. Achibale anali atayamba kale kuyang'ana pansi, koma Nangondo anapitiriza kumutikita ndi kumupumira mpaka khandalo linatsokomola. Tsopano anali bambo wa ana asanu, wa mapewa ngati chitseko.

Tsiku lonyamuka, Dzukani anatulukira ndi anzake atatu, atanyamula mtondo wa mtengo wa muwanga, waukulu, wosalala, ndi minsi yake iwiri. Anali atausema zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anthu ambiri anaufuna, iye ankakana, akuti mwini wake adzabwera. Anautula pansi, nthaka inamva. Kenako Dzukani anayang'ana pikapu, matumba, mphasa, miphika ndi mbuzi, ndipo nkhope yake inagwa.

"Ndaona kuti mwadzaza kale, bambo," anatero motsitsa mawu. "Musavutike. Ukhoza kutsala, ndizikusungirani."

Nangondo anangoyang'ana mwamuna wake.

Tambulasi anavula chipewa n'kupatsa mkazi wake. Anagona chagada pafumbi n'kulowa pansi pa pikapu, ngati mmene anachitira zaka makumi atatu pansi pa magalimoto a eni. Anayang'ana matayala. Anagwira masipuling'i, n'kuyeza ndi zala mpata umene unatsala kuti agunde. Zala zitatu zinalowa bwinobwino. Anatuluka, n'kudzisasa fumbi mosafulumira, chifukwa naye ankakonda kuti anthu amudikire pang'ono.

"Kwezani," anatero. "Ndi minsi yomwe."

Nthungululu imene inamveka paphiri paja inathawitsa mbalame. Dzukani, bambo wa mapewa aja, ankalira ndi kuseka nthawi imodzi akumanga zingwe. Mtondo unakhala kumbuyo, pafupi ndi khosi la nyumba. Pikapu inatsika pang'ono n'kuima nji.

Anatsika phiri pa giya yotsika, mabuleki akugwira bwino, nyumba ikutsatira mwaulemu. Atafika pamtetete, Nangondo anaika dzanja lake padzanja la mwamuna wake, pachiwongolero pomwepo, dzanja limene linalandira ana osawerengeka.

"Lero ndiye mwabwerako ku Joni, bambo," anatero.

Tambulasi anangoliza hutala kawiri, ngakhale kuti mumsewu munalibe munthu.

Inu amene mwamva fanizoli, nonse muli ndi wina amene mukuyenda naye: mkazi, mwamuna, kholo, mnzanu. Mwina mwamuyeza ngati mmene Tambulasi anayezera poyamba, iye yekha ndi sutikesi yake. Sali yekha ayi. Ali ndi anthu ake, zaka zake, ndi zabwino zimene anadzala inu kulibe, ndipo tsiku lina zonsezo zidzabwera pakhomo panu zitanyamulidwa ndi anthu anayi. Posankha nyumba, ntchito kapena kakhalidwe kanu, musangofunsa ngati anthu adzakuoneni bwino ponyamuka. Funsani ngati mudzakhala ndi malo pobwerera. Siyani mpata wa zala zitatu, kuti wina akadzaima pamaso panu ndi mphatso imene wasunga zaka zambiri, mudzathe kunena kuti, "Kwezani."