Mwana Amene Anayamwa kwa Akapibara

Kalekale, m'mudzi wina wa m'mphepete mwa dambo, munali mayi wina dzina lake Nasoko. Mawere ake anauma mwana wake Sungeni asanayambe n'kukwawa komwe. Anayenda khomo ndi khomo kupempha womuyamwitsira, koma amayi anzake ankangokokera nsalu pachifuwa, ati mkaka wawo ndi wa ana awo okha. Anthu ouma mtima, ine ndikuuzeni!

Kudamboko kunkakhala akapibara. Inu simuwadziwa. Ndi abale ake a mbewa, koma aakulu ngati mbuzi, opanda mchira, zala zolumikizana ngati za bakha. Ana awo amabadwa ndi ubweya, maso ali otsegula kale, ndipo amayamwa kwa mayi aliyense amene ali pafupi.

Nasoko ataona zimenezo, anagoneka Sungeni pakati pa tianato. Mwana anayamwa, nayamwa, mpaka kugona.

Kapibara wamkazi wokalamba anayang'ana Nasoko osaphethira. "Woyamwa kwa ife ndi wathu. Mano ake akadzayamba kukula osaleka, udzatibwezere."

Nasoko anavomera. Nanga akanatani?

Sungeni anakula wonenepa ndi wofatsa, mayi ake n'kumuveka kandolo kofiira kukhutu. Koma mano awiri akutsogolowo, mayo ine! Anatafuna mpini wa khasu. Anatafuna mtondo. Paja mano a kapibara saleka kukula, amangotha ndi kutafuna udzu. Nasoko ankawakhula ndi mwala m'mawa, pofika madzulo atalikanso. Akhule, atalike. Akhule, atalike. Mantha anamugwira. Kubweza mwana anakana, m'malo mwake anamumanga chingwe kumwendo kuti asayandikire madzi.

Tsiku lina masana, pochokera kumunda, anapeza chingwe chija chitadulidwa ndi mano. Anathamangira kudambo. Kunali zii, ngakhale chule osalira. Pamadzi panali mitu ya akapibara mbwee, maso, makutu ndi mphuno zokha zikuoneka, yonse itapenya iye.

"Sungeni mwana wanga, bwera kwa amayi ako!"

Kamutu kamodzi kanayandikira, kandolo kofiira kali kukhutu.

"Amayi ake ati?" kanafunsa motsitsa mawu. "Kuno ndili nawo ambiri."

Pomwepo mitu yonse inamira pamodzi. Kapibara amakhalitsa pansi pa madzi, koma amavuuka ndithu. Nasoko anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Sipanavuuke ndi mmodzi yemwe.

Nthano yanga yathera pamadzi pomwepo. Ana inu, khanda likalira ndi njala pakhomo panu, musadzalibweze.