Kapinga wa Utoto

Abale anga, ine ndinanamiza mlamu wanga, mkazi wamasiye wa mkulu wanga, ndipo bodzalo linamudyera zonse zimene anali nazo. Mawu oti "ine" amandilemera pakamwa, ndiye ndiloleni nkhaniyi ndiinene ngati fanizo.

Panali munthu wina amene ankakhala mu mzinda wa m'chipululu. Kale malowo anali pongomwera madzi apaulendo. Kenako kunamangidwa nyumba za juga, zazitalizitali. Mzindawo sunkalima kanthu, unkangodya za alendo obwera kudzaluza ndalama zawo. Ntchito zinali mbwee: kuchapa, kuphika, kugawa makhadi. Mabanki ankakongoza ndalama za nyumba kwa aliyense wodziwa kusaina dzina lake.

Chaka china alendo anachepa. Ntchito zinayamba kutha, mabanki n'kuyamba kulanda nyumba. Nyumba ikalandidwa madzi ankadulidwa, kapinga wa pabwalo n'kuuma. Wogula akaona kapinga wouma ankadziwiratu kuti msewuwo anthu athawamo.

Apa m'pamene munthu uja anapezera ntchito. Ogulitsa nyumba anamupatsa mpope wobereka kumsana ndi utoto wobiriwira. Ankapopera kapinga wakufayo mpaka kuoneka ngati wa m'dzinja. Akabweretsa wogula ankamupatsanso kangachepe. Kwa abale ake ankati amasamalira maluwa.

Mlamu wake, Nangondo, ankachapa zofunda ku hotela ina ya juga, ndipo anali ndi ndalama zimene malemu mwamuna wake anasiya. Atanena kuti akufuna nyumba, munthu uja anamutengera mu msewu wina.

Nangondo anaima n'kufunsa. "Alamu, inu mumayenda m'misewu imeneyi. Kuno anthu akukhala kapena akuthawa? Ndalamazi ndi thukuta la akulu anu, sindifuna kuziponya m'chitsime."

Pa nyumba khumi ndi ziwiri za mu msewuwo, zisanu ndi zinayi zinali zopanda anthu. Munthu uja ankadziwa, poti anazipopera yekha.

"Mlamu, maso muli nawo," anayankha. "Kapinga angabiriwire chonchi popanda womuthirira?"

Nangondo anaseka. "Ndiye kuti aneba angawa ndi akhama kuposa inu, alamu!"

Anapereka zonse, zotsala n'kukongola ku banki.

Atalowamo sanachedwe kuona kuti aneba kulibe ndiponso kuti kapinga ndi wa utoto. Koma ankati, "Atipusitsa tonse awiri, ine ndi alamu anga," ndipo munthu uja ankavomera ndi mutu. Patatha chaka ndi theka hotela inachotsa anthu ntchito, Nangondo ali momwemo. Anayesa kugulitsa nyumbayo, koma panalibe wopereka ngakhale theka la ngongole. Banki inalanda.

Ogulitsa nyumba anatuma munthu uja kuti akapopere pamenepo. Anapita masana poganiza kuti mwini wake wasamuka kale. Anamupeza atakhala pa thumba la zovala pakati pa bwalo, akudikira galimoto ya katundu.

Nangondo anayang'ana mpope uja. Anayang'ananso nsapato zobiriwira za munthu uja.

"Alamu, maluwa aja ndi amenewa?"

Munthu uja ankalipidwa akamaliza bwalo, ndiye anayamba kupopera. Atafika pakati, Nangondo ananyamula thumba lake n'kumupatsa malo.

Inu amene mukundimvera, mwina simunalowepo m'nyumba ya juga. Nayenso munthu uja sanalowemo. Anabetcha chuma cha mnzake ali panja, maso ali gwa. Wina akakufunsani chifukwa choti amakukhulupirirani, musamulozere chimene mwapaka ndi manja anu.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikumuzemba Nangondo, pamaliro ndi paukwati pomwe. Mwezi watha ndinapita ku kachipinda kamene akuchita lendi. Anandipatsa mpando, koma ndinakhala pansi. Ndinavula chipewa n'kunena kuti:

"Mlamu, ine sanandipusitse. Ndinkadziwa zonse. Nyumba zija ndinapopera ndine, ndipo pa nyumba yanu ndinalandirapo ndalama. Munandifunsa ngati m'bale, ine n'kukuyankhani ngati wamalonda. Ndinakulakwirani, ndinalakwiranso akulu anga. Pepani."